Manachesi a Bester

Ku Nsambe kunali munda wa manachesi umene anthu ankaulozera ndi chala, ndipo mwini wake anali a Bester. Munthu wabwino ndithu, wodyetsa antchito ake mpaka kukhuta, koma pa Chingerezi pokha, ha! anali womana. Anachitola ku Halale ali wophika, ndipo ankachisunga ngati mbewu ya chaka chamawa. Mzungu wogula zipatso akabwera, iwo ankavala jekete yobayapo baji ya chipani, n'kumalankhula okha, antchito ali chilili kumangoyang'ana.

Tsiku lina aphunzitsi a Phoebe, a pasukulu yapafupi, anafika pamundapo.

“Bambo, bwanji muziwamasula antchito anu dzuwa likapendeka, ndiziwaphunzitsako Chingerezi pansi pa mtengo pompano? Mudzapindula ndinu.”

A Bester anaseka mpaka kutsokomola. “Mayi, kodi nachesi amathyoledwa ndi lilime? Asiyeni agwire ntchito. Pakamwa pa munda uno ndine.”

A Gerishon, kapitawo wa pamundapo, anangowerama. Dailesi, amene ankalongedza zipatso m'madengu, anali atayamba kale kumwetulira, koma anabweza mano.

Chaka chimenecho mitengo inabereka mpaka nthambi kuchita kuzichirikiza ndi mphanda. Wogula anali mmodzi yekha, mzungu wachilendo wa hotela ina ku Blantyre, wosadziwa ngakhale moni wa Chichewa. Mwatsoka apongozi a Bester anatisiya ku Chifunga, ndipo mkamwini sachoka pasiwa mwambo usanathe. Popita kumaliroko a Bester anasiya lamulo: “Pasapezeke wothyola kanthu ine ndisanabwere.”

M'mawa mwake galimoto ya wogula uja, ii! Mzungu anatsika ali yekha. Antchito anamulandira mwaulemu wonse: mpando, madzi osamba m'manja, nthochi m'mbale. Iye analankhula, analoza mitengo, analoza madengu, analozanso mitambo ya chiperoni imene inkatsika m'mapiri. Ankanena kuti athyole msanga, akafika pa Boma abwerera masana kudzanyamula, chifukwa msewu ukaterera sadzakweranso kuno. A Gerishon anagwedeza mutu mwaulemu, monga achitira munthu wolemekeza mlendo. Mzungu anayesa kuti amvana, nanyamuka.

Pobwera masana anapeza madengu ali opanda kanthu, bwalo litaseseredwa bwino, Dailesi atagwada ndi nkhuku yamphatso m'manja. Mzunguyo anagwira m'chiuno, anapukusa mutu, nkhukuyo n'kuilandira ndithu, basi n'kulunjika ku Mwanza kumene anakadzaza galimoto yake.

Chiperoni chinagwa osaleka, msewu unasanduka phala. Pamene a Bester ankabwera, fungo la zipatso zowola linawachingamira kutali. Anakwiya, nafuna womukalipira.

“Inu a Gerishon, munthu wamkulu, mlendo kubwera mpaka kubwerera chimanjamanja?”

“Bwana, munati tisathyole. Komanso pakamwa pa munda uno panali ku maliro.”

Dailesi misozi inali mbwembwembwe. “Timaona ndithu kuti akutipempha kanthu, munthu mpaka thukuta. Koma chiyani? Zinatipweteka, bambo. Mitengo imeneyi tinaithirira ndife.”

Mawu amenewo anawalasa a Bester kuposa zipatso zotayikazo. Anthuwa ankaukonda mundawo ngati wawo, ndipo anali a Bester omwewo amene anawamanga lilime. Anachita manyazi, mkwiyo wonse n'kuphwa. Anakhala pa dengu lovundikira kwa nthawi, kenaka anati chapansipansi, “Dailesi, pita ukawaitane aphunzitsi aja. Ukanene kuti ndapepesa, ayambe mawa.”

“Nanga ntchito ya madzulo, bwana?” anafunsa a Gerishon.

“Imeneyo ndiyo ntchito ya madzulo.”

Mawa lake madzulo anthu odutsa anaona a Bester atasenza okha benchi, akupita nalo pansi pa mtengo, akupondaponda manachesi owola. Anali ataphunzira mochedwa, ndi zokolola za chaka chathunthu, zimene akuluakulu ananena kale: mutu umodzi susenza denga.