Pikapu ya Che Alidi Itafera pa Chowe

Ndikanama pano, abale anga, ndevu zangazi zithothoke zonse nditsale ngati dzira! Zimene ndikuuzenizi n'zoona kuyambira kumutu mpaka kumchira. Wokayika akwere basi apite ku Namwera akafunse yekha, ngakhale mbuzi za pamsika zikamuuza.

Che Alidi anafika pakhonde la Shehe Sadiki anthu atangotuluka ku swala ya Alasiri, ija ya dzuwa litapendeka. Anabwera wapansi, fumbi mpaka m'mawondo, kabotolo kali m'manja. Wapansi, Che Alidi! Munthu woti ngakhale kukagula mchere kuseri kwa nyumba ankayamba waliza injini. Iwowa anali wogula nandolo wamkulu pa Namwera, ndipo mwa chuma chawo chonse chimene ankachikonda zedi chinali pikapu yoyera, imene ankaipukuta ndi kansalu kofewa kuposa kopukutira nkhope yawo.

Shehe anali pamkeka, akusoka chikuto cha buku lakale. Anali nkhalamba yochepa thupi, yoyankhula motsitsa, koma maphunziro ake osanena. Chiswe chimene chinadyako limodzi la mabuku awo chinatuluka chikudziwa Chiarabu. Pambali pawo panali madoda awiri akumwa tiyi, ndipo Che Alidi atawaona mtima unakhala pansi, poti mlandu wokoma umafuna mboni.

"Asalamu alaikumu, a Shehe."

"Wa alaikumu salamu, Che Alidi. Takhalani pansi. Kunyumba kwacha bwanji?"

"Kunyumba kuli maliro."

Shehe anaika singano pansi msanga. "Tonse ndife a Allah, ndipo kwa Iye tidzabwerera. Watisiya ndani?"

"Pikapu."

Shehe anatolanso singano ija. "Pepani kwambiri. Kungoti imeneyo sitiiswalira."

"Koma woipha alipo," anatero Che Alidi. "Ndi Lajabu, mwana wa mlongo wanga, yemwe uja inu mukum'mangitsa ndowa, ukwati wake uja, Lachisanu likudzali. Anabwera dzana, manja kumbuyo: 'Amalume, ndibwerekeni galimoto ndikatenge mpunga wa ukwati ku Mangochi.' Ine ndi mtima wangawu ndinam'patsa makiyi. Pobwera, ali pakati pa chitunda cha Chowe, galimoto inangoti khoso khoso, zii."

Apa mundilole ndiikepo mawu, chifukwa Che Alidi anafotokoza mwachidule. Utsi umene unatuluka pa Chowe tsiku limenelo anauona ndi a ku Mozambique, mpaka ena anayamba kubzala poyesa mitambo ya mvula. Boneti inatentha moti mayi wina wodutsa anayalapo chinangwa chake, chinapsa mbali zonse osachitembenuza. Koma chimene chinawapweteka Che Alidi si chimenecho. Chinawapweteka n'chakuti pikapu yawo inalowa mu Namwera ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri, masana dzuwa likuswa mtengo, tsiku la msika.

Anakweza kabotolo kaja. Munali zinthu zotuwa, zolendera.

"Taonani, a Shehe. Kodi uyu ndi oyilo?"

"Akuoneka ngati tiyi wamkaka."

"Ndi zimene wanena makaniko! Akuti madzi anathera panjira, injini n'kuuma, n'kupsa. Gasiketi yanyeka, timadzi totsala tasakanikirana ndi oyilo, mutu wa injini wapindika ngati lichero. Mnyamata ameneyu anaiponda ngati akuthawa njovu, kudzionetsa kwa atsikana a m'njira. Tsono ine ndachotsapo dzanja. Sindikhala nkhoswe wake, paukwati sindipondapo. Ndipo inu mukudziwa, akuchikazi sangapereke mwana wawo kwa munthu woti malume ake am'kana. Ndabwera mundiuze zimene mabuku akunena za wobwereka chinthu n'kuchiwononga, ndikam'lakatulire mlongo wanga pamaso."

Madoda aja anagwedeza mitu, wina n'kuti, "Ana a masiku ano!"

Shehe anadula ulusi ndi mano. "Za injini ine sindidziwa kanthu, Che Alidi. Njinga yanga ikaduka tcheni ndimangokankha. Koma za kubwereka akuluakulu analembadi. Chinthu chobwereka ndi chosungitsa. Wobwereka achisamale kuposa chake, ndipo akachitayirira, mlandu ndi wake."

"Basi!" Che Alidi anadzuka n'kukutumula mkanjo. "Mwamva nokha, madoda."

"Tsamba limeneli lili ndi kuseri kwake," anatero Shehe. "Takhalaninso pang'ono." Ndiye anatembenukira kwa madoda aja mwaulemu: "Abale anga, mundithandize. Mikeka ya mumzikiti tinaiyanika, ndipo mawondo angawa akukana. Mukaianule mbuzi zisanaipeze."

Madoda anapita monyinyirika, akucheukacheuka. Pakhonde panatsala anthu awiri.

"Lajabu akuti chiyani?" anafunsa Shehe.

"Akungolira. Akuti ankayenda pang'onopang'ono chifukwa cha matumba a mpunga. Akuti kasingano kosonyeza kutentha sikanasunthe n'komwe."

"Kasingano kameneko ndikukakumbukira. Tsiku lija munanditenga popita kumaliro ku Mangochi munandionetsa. Munati, 'Taonani, a Shehe, pa Chowe pomwe pano, koma kali gone! Galimoto iyi siidziwa kutentha.' Ndinadabwa kwambiri, poti ine thukuta linali kamukamu."

Che Alidi anayang'ana kumbali. Kasingano kaja kanafa kalekale, iwo ankadziwa bwino. Kankangogona pamalo amodzi ngati mlonda wokhuta.

"Ndifunsenso chimodzi, mundikhululukire ngati ndi funso la munthu wosadziwa. Kodi galimoto nayonso imachita wudhu, kusamba kuja kokonzekera swala?"

"Bwanji, a Shehe?"

"Wosamalira mzikiti anabwera kudzandidandaulira. Akuti pa maketulo amene timasambira tisanaswali, imodzi imasowa m'mawa uliwonse anthu akangomwazikana. Imatuluka yodzaza, imazungulira kuseri kwa khoma kumene inu mumaimika galimoto, n'kubwerako yopanda kanthu. Ine ndinamuuza kuti aleke kuilondola. Madzi ndi a Allah, ndipo chimene munthu waphimba, ife sitinatumidwe kuchivundukula."

Ketulo imeneyo Che Alidi ankaidziwa bwino. Nkhani yake inali yotere. Chiyambire mvula ya chaka chatha, rediyeta ya pikapu ija, mosungira madzi oziziritsa injini, inkadontha. Kabowo kake kanali kochepa, koti makaniko akanakatseka tiyi asanazizire. Koma makaniko wa pa Namwera ndi wailesi: ukam'patsa galimoto m'mawa, pofika masana msika wonse wadziwa matenda ake. Nanga Che Alidi akanayang'ana bwanji anthu, iwo amene ankaseka anzawo onse otsegula maboneti m'mbali mwa msewu? Ndiye anamatapo sopo, n'kumaimwetsa madzi mobisa kuseri kwa mzikiti. Akakhala pa ulendo wa ku Mangochi ankabisa chigubu pansi pa masaka, pofika m'munsi mwa Chowe n'kuuza okwera kuti atsikeko akawongole miyendo uko kumthunzi. Ngakhale akazi awo sankadziwa.

Komabe munthu wonyada sagwa ndi chibakera chimodzi.

"A Shehe, zimenezo n'zazing'ono. Dalaivala aliyense wanzeru amayang'ana madzi asananyamuke. Imeneyo ndi ntchito ya woyendetsa, si ya mwini galimoto."

"Mwanena zoona, ndipo mukudziwa kuposa ine. Nanga pom'patsa makiyi munamuuza chiyani?"

Che Alidi anawakumbukira mawuwo, chifukwa anawanena mokweza, pamaso pa anyamata onse onyamula matumba pasikelo yawo, ndipo anyamatawo anaseka mokondweretsa bwana.

"Ndikumvetsera," anatero Shehe, maso ali pa buku lawo.

"Ndinati... ndinati asayerekeze kugwira boneti."

"Basi?"

"Ndinati iyi si galimoto ya amphawi yofuna kusuzumira m'mimba. Ukangotsegula ndi manja akowo, ndikakudula."

"Ndipo iye anatsegula?"

"Ayi."

"Ndiye kuti mwanayo ndi womvera."

Kunja kwa mpanda kunadutsa ngolo, ng'ombe zikulira mabelu, ndipo Che Alidi anaweramitsa mutu ngati zikuwadziwa. Anaganiza za mlongo wawo, amene kuyambira dzana sanaike kanthu kukamwa. Anaganiza za Lajabu atagwada pabwalo, chipewa m'manja, akuti, "Amalume, ndikugwirirani ntchito mpaka ndife, koma musandichotsere ukwati." Iwo anam'pitirira ngati chitsa. Kabotolo kaja tsopano kanayamba kuwalemera, anakaika pansi, n'kukakankhira kuseri kwa mwendo.

"Koma a Shehe," anatero ndi mawu otsika, oti sanawatulutsepo chibadwire, "galimoto yafa ndithu. Inafera m'manja mwake. Ndikapanda kum'langa, anthu adzati chiyani? Ndikanena za madzi zija, msika wonse udzandiseka mpaka nandolo wa chaka chamawa."

"Adzaseka," anavomera Shehe. "Anthu a pamsika ndi otero. Anaseka ng'ombe zija, adzaseka ketulo, kenako wina adzagwa panjinga n'kuiwala za inu."

"Ndiye mabuku akuti mlandu ndi wa yani?"

Shehe anatseka buku lija bwinobwino, analiika pa kansalu koyera, n'kuwayang'ana Che Alidi m'maso koyamba chifikire.

"Mabuku akuti wobwereka asamale chimene wapatsidwa, ndipo wobwereketsa asabise chilema chimene akuchidziwa. Inu, m'bale wanga, Lajabu munam'bwereka galimoto, koma ketulo simunam'bwereke. Injini ija sinaphedwe ndi phazi lake. Inafa ndi ludzu, mwini wake akudziwa pamene pali madzi. Kwa ine munthu sadzamva kanthu, koma mwanayo wasenza mlandu umene si wake, ndipo woti am'tule ndinu nokha. Nyamukani, mukafike kwa mlongo wanu dzuwa lisanalowe, mukanene ndi pakamwa panu pomwepo pamene munalamulira za boneti. Lachisanu ndikufuna ndidzakupezeni mwakhala pambali pake. Gasiketi amagulitsa ku Limbe, Che Alidi. Mwana wa mlongo wanu simudzam'peza m'sitolo iliyonse."

Nkhani ndi imeneyo, monga inachitikira, osachotsa osawonjeza. Kupatula mayi wa chinangwa uja, ameneyo ndangomuikamo ine. Pa Chowe tsiku limenelo panali anyani okhaokha.