Geti Limene a Zitsulo Anakana

Pamsewu wina wa mashopu, pakati pa malo ometera ndi shopu ya mankhwala, panali bambo wowotcherera zitsulo amene aliyense ankangowatchula kuti a Zitsulo. Manja awo anali aluso, koma makutu anali atagulidwa ndi wailesi yakanema imene inkabwebweta pashelefu tsiku lonse. Chisankho chinali pafupi, ndipo mwa opikisanawo a Zitsulo anali ndi wawo, bwana wa lilime lothira shuga.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, mfuti inalira kawiri. Achifwamba anawombera mwini shopu ya mankhwala pamwendo, n'kuthawira m'kanjira ka kuseri kwa mashopu. Msewu wonse unangoti zii. Mawa lake makolo sanalole ana kupita kusukulu, ndipo wometa sanatsegule n'komwe.

Mayi wina, mphunzitsi wopuma pantchito, anasonkhanitsa anthu pakhonde pake. Anagwirizana kuti shopu iliyonse ikhale ndi wenzulo, apite limodzi kukadandaula kupolisi, ndipo kanjira kaja katsekedwe ndi geti.

"Achimwene," anatero aphunzitsiwo atafika kwa a Zitsulo, "mapaipi tapeza. Chatsala ndi manja anu."

"Mayi, musadzivute," anayankha a Zitsulo maso ali pakanema. "Bwana wanena yekha kuti akangopambana, pano pamangidwa polisi. Nanga wenzuloyo, mukufuna kukaimbira achifwamba mpira?"

Akazi awo, amene ankagulitsa nsalu mashopu atatu kuchokera pamenepo, anayesa kuwanong'oneza madzulo. "Bambo a ana, lonjezo silitseka khomo."

"Zandale zisiyeni, mayi. Simuzitha."

Sabata yonseyo a Zitsulo anaithera pokonza nsanja, pakuti bwana uja ankabwera kudzaona pamene panachitikira zoopsazo. Anabweradi, atolankhani ali piringupiringu pambuyo pake. Anapukusa mutu pakhomo la shopu ya mankhwala, anakwera pansanja, analankhula mpaka thovu kukamwa, n'kulowa m'galimoto osafunsa ngakhale kuti wovulalayo wagonekedwa m'chipatala chiti.

Nthawi ya nkhani itakwana, a Zitsulo anaitana anzawo kuti adzaone msewu wawo pakanema. Chimene anaona ndi bwana akunyoza mnzake wopikisana naye, mnzakeyo akubweza moto, kenako anthu a mataye akukangana kuti msonkhano wa yani unadzaza. Za mfuti sanatchule ndi pang'ono pomwe.

"Koma mwendo umodzi wa nsanja waoneka bwino," anatero wometa. Anthu anaseka.

Patapita masabata awiri, masana ena akudula chitsulo, anamva wenzulo. Inayankha ina, kenako khumi, anthu akumenya zitseko ndi malata, msewu wonse uli pokopoko. Mfuti inalira kamodzi. Atasuzumira panja, anaona anyamata awiri akutuluka chothamanga m'shopu ya nsalu, manja ali lendelende, n'kuzimirira m'kanjira komwe kaja. A Zitsulo anathamangira kushopuko.

Anapeza akazi awo atabisala kuseri kwa mipukutu ya nsalu, wenzulo ikadali pakamwa, chipolopolo chitangoboola denga. Mayi wina wosoka zovala anali atawakumbatira kale, wometa ataima pakhomo, aphunzitsi akulankhula pafoni ndi mkulu wa polisi amene anadziwana naye tsiku la madandaulo lija. Apolisi anafika msanga, koma achifwamba anali atapita.

"Wenzuloyi munaitenga kuti?" anafunsa a Zitsulo.

"Kwa omwe aja munawaseka."

M'mawa mwake a Zitsulo anakokera makina awo pakanjira paja popanda wowatuma. Mwini shopu ya mankhwala anabwera pandodo kudzawagwirira tepi yoyezera. Aphunzitsi sanawakumbutse zakale. Anangofunsa ngati mapaipi akwane. Pofika Lachisanu geti linali litaima, ndipo apolisi anayamba kuyendera msewuwo kawirikawiri chifukwa gulu lija silinatope kuwagogodera. Ana anabwerera kusukulu.

Tsiku lovota a Zitsulo anakavota ndithu, ndipo kanema amaonerabe. Koma bwana akayamba kulonjeza, iwo amatsitsa mawu n'kupitiriza ntchito, chifukwa anaphunzira ndi mtima uli m'mwamba kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.