Mbira Imene Inakana Kubwereketsa Dzina

Panangokhala Mbira, Bakha ndi Khwangwala, onse kuseri kwa nyumba imodzi. Mbira ndi Bakha ankagona m'khola. Khwangwala ankaswera padenga la sukulu, ndipo kumeneko anatolako Chingerezi.

Tsiku lina m'mawa kunabwera alendo awiri a m'tauni ndi kathumba ka chakudya chatsopano cha ziweto, timibulu tobiriwira. Analankhula Chingerezi, naloza Bakha, nathira timibuluto m'mbale yake. Kenako anakakhala pakhonde.

"A Khwangwala, akuti chiyani?" anafunsa Mbira.

"Akuti Bakhayu akhala mbira yawo."

"Mbira? Bakha? Ndi mapazi ophwatalalawo?"

"Ine sindinapemphe, achemwali," anatero Bakha.

"Dzinalo ndi langa! Likamveka m'Chingerezi, alandire ulemu ndi wina?"

Khwangwala anatsika padenga. "Achemwali, mvetsani. Kwa iwo mawuwa sanena za ubweya kapena mapazi. Ngakhale munthu amamutchula choncho. Amanena amene amuyeserapo chinthu choyamba, eni ake asanachidziwe bwino."

"Choyamba!" anatero Mbira. "Mwamva, a Bakha? Woyamba ndine."

"Simunandifunse kuti oyambawo amathera kuti," anatero Khwangwala.

Koma Mbira anali atayamba kale kuvina:

"Dzina ndi langa, mbale ndi yanga,
Azungu amanditchula, a Bakha pepani!"

Anakankha Bakha, nalowetsa mutu m'mbale. Anadya, anadya, mpaka kunyambita pansi. Alendo aja anasuzumira, wina anaseka, koma sanamuletse.

Dzuwa lili pamutu, Mbira anayamba kunjenjemera. Anayesa kuimba, nyimbo inathera pa "dzina ndi langa." Miyendo yakumbuyo inakana. Anagona chammbali, thovu lili kukamwa.

"A Khwangwala," ananong'ona, "alendo aja akubwera ndi mankhwala?"

Alendo anabweradi. Anagwada, anamutembenuza ndi kamtengo, anamuyang'ana m'maso, nalankhulana motsitsa.

"Akuti chiyani?"

Khwangwala anazengereza. "Akuti tsopano adziwa. Chakudyachi achichepetse mphamvu."

"Nanga za ine?"

"Za inu sananene kanthu."

Mbira anafa alendo asanafike pamsewu. Mawa lake alendowo anabweranso ndi kathumba kena, naima pakhomo pa khola. Bakha anali atathawira kudambo.

Nthano yanga yagona pamenepo, ana inu. Mawu achilendo musamangofunsa kuti akunena chiyani, muzifunsanso chimene chimagwera amene awanenera.