Mwana Amene Anadikira Lipenga la Fakitale

Kalekale, m'tauni ya Kamtsitsi munali fakitale yoyenga mafuta a mtedza. M'mawa lipenga lake likalira, amuna ankatuluka m'nyumba akumanga malamba, ndipo tauni yonse inkanunkhira mtedza wokazinga. Mmodzi mwa amunawo anali Lunguzi, mwamuna wa Nankhoma.

Tsono akuluakulu a boma, poona kuti ng'ombe ili ndi mkaka, anaikama mpaka kutulutsa magazi. Chaka ndi chaka msonkho unkangokwera: wa makina, wa utsi, wa malole olowa ndi otuluka. Mwini fakitale sanakangane ndi munthu. Anamasula makina ake n'kukawamanga kudziko lina, kumene anamulandira ndi manja awiri. Antchito anatsatira makinawo.

Lunguzi anachoka mkazi wake ali woyembekezera. "Mwanayo akabadwa musamutche dzina," anatero pokwera lole. "Sindichedwa, ndidzatcha ndekha."

Mwana anabadwa wamkazi, natuluka m'chikuta wopanda dzina. Anakwawa, anayenda, anayamba kuyankhula, bambo ake osaoneka. Kumene anapitako kunali kutali, ndipo kumene ntchito ili yosowa munthu sapempha tchuthi, amaopa kudzapeza wina pamalo pake. Lunguzi ankangotumiza moni kudzera mwa madalaivala. Nankhoma ankadzukabe pa nthawi ya lipenga n'kutereka madzi osamba. Madziwo akatentha m'pamene ankakumbukira kuti wosamba palibe. Anamusowa mwamuna wake koopsa, ndipo sankachita manyazi kunena.

Tsiku lina pamsika mlendo anafunsa mwanayo dzina lake. Iye anayankha kuti, "Ndine Iwe," poti ndi mmene aliyense ankamuitanira. Anthu anafa nazo nseko, koma Nankhoma analira. Anaimirira pakati pa msika nalumbira kuti, "Amene adzalizenso lipenga lija, bambo wa mwanayu n'kubwerera, ameneyo ndiye adzamutche dzina."

Woyamba kuyesa anali khansala Chikaonda. Anapita kulikulu kambirimbiri, nakhala pa mabenchi a m'maofesi mpaka buluku lake linanyezimira kumbuyo. Ankangomuuza kuti abwere mawa, iye n'kubweradi. "Mabwana," ankatero, "mukama bwanji ng'ombe imene ili m'khola la eni?" Pomaliza anatopa naye, navomera kuti fakitale ikabwerera igwire ntchito zaka zingapo osakhoma msonkho. Koma kwawo anthu anati wadya za mwini fakitale. Pachisankho anamugwetsa, ndipo ana ankamuimba nyimbo akamadutsa.

Mwini fakitale anati za msonkho wamva, koma amanga pati? Nyumba yakale ya fakitale inali itagwa, malo ake atagawidwa, ndipo iye ankafuna pafupi ndi mtsinje. Kumeneko kunali dimba la a Msamadya, nkhalamba imene mwana wake mmodzi yekhayo, Kachingwe, anapitanso ndi makina aja. M'dimbamo munali mitengo ya mango imene anadzala malemu akazi awo. A Msamadya anapereka dimba lonse osalandira kanthu. "Mango sandiyankha ndikaitana," anatero. "Ine ndikufuna mwana wanga." Tsiku lodula mitengoyo sanatuluke m'nyumba.

Mwini fakitale anati malo wawaona, nanga msewu, nanga magetsi? Boma linapisa m'thumba n'kupezamo mphepo, poti msonkho wa fakitale linali litausiya. Walira mvula walira matope. Katunduyo boma linawasenzetsa ogulitsa pamsika, ndipo amene analemedwa koposa anali Abiti Twaibu, mayi wamasiye amene anali ndi benchi lalikulu la tomato. Iyeyu analibe mbale aliyense kufakitale, ndipo palibe anamufunsa maganizo. Chiphaso cha pamsika chinakwera, chinakweranso, iye n'kumalipira akutukwana. Pomaliza benchi analigulitsa, mwana wake anasiya sukulu, ndipo tomato ankamuyala pa chiguduli m'mbali mwa msewu watsopanowo, fumbi la malole likumuthira.

Ndiye m'mawa wina lipenga linalira. Nankhoma anasiya madzi pamoto, nathamanga wopanda nsapato, mwana ali kumanja. Lunguzi anatsika m'lole ndevu zitayamba imvi. Anagwada, natambasula manja, natsegula pakamwa kuti aitane mwana wake, koma analibe chomuitanira. Mwanayo anabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake. A Msamadya anaima pachipata mpaka lole yomaliza inatsitsa anthu. Kachingwe munalibe. Anzake anati anakwatira komweko ndipo sabweranso.

Lunguzi anafuna kutcha dzina tsiku lomwelo, koma mkazi wake anamuuza za lumbiro lija. Iye anapukusa mutu nati, "Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Aitaneni."

Anabwera onse atatu, nakhala pamkeka pakhonde.

Chikaonda anati, "Mayi, ndikadapanda kuchotsetsa msonkho, mwini fakitale sakadacheuka n'komwe. Dzina langa linaipa kuti mwana wanu akhale nalo lake."

A Msamadya anati, "Mwana wanga, msonkho sumangidwapo nyumba. Ndinapereka mitengo ya malemu akazi anga, ana a eni abwera, wanga ayi. Ndiloleni nditche mwana mmodzi ndisanafe."

Abiti Twaibu anati, "Achemwali, ine sindinama, fakitale yanuyo sindinaifune. Awa anapereka mwa kufuna kwawo, ine anachita kundilanda. Koma msewu umene wabweretsa amuna anu wapangidwa ndi tomato wanga."

Nankhoma anayang'ana uyu, nayang'ana uyo, mtima uli pawiri patatu. Zaka zonsezo ankaganiza kuti chovuta n'kudikira. Anawakonda onse, anawamvera chisoni onse, koma mwana satchedwa ndi pakamwa patatu. Ali chikhalire choncho, mwanayo anamukoka chitenje n'kufunsa chapansipansi kuti, "Amayi, ndine ndani?"

Ine nkhaniyi ndaisiyira pakhonde pomwepo, mwana akudikira. Inu amene mwamva, weruzani: atche dzina ndani? Khansala amene anataya mbiri yake, nkhalamba imene inapereka dimba n'kutsala manja lende, kapena mayi amene analipira zonse asanafunsidwe n'komwe?