Mimba ya Miyezi Khumi ndi Umodzi

Chaka chimene anthu anavota kachiwiri, Luwiza wa ku Mkanda anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, ana asanu ndi mmodzi, ndi chigafa cha fodya chimene ankachisamala ngati mwana wachisanu ndi chiwiri. Amuna ake, a Zakeyu, ankakhalira kupalasa njinga kukagulitsa mtedza kumalire, motero ntchito yonse ya fodya inali pamutu pa mayiyu. M'chigafamo ndi mmene tsiku lina anawerama kuti anyamule mtolo, chitenje n'kumuthina m'chiuno. Atagwira pansi pa mchombo anapezapo kanthu kolimba, kukula kwake ngati papaya wanthete.

"Ichi n'chiyani?" anadzifunsa. Ndipo poti munalibe wina m'chigafamo, anadziyankha yekha. Panali patatha miyezi itatu osapita kumwezi, iye n'kumati ndi kukula. Tsopano anaona kuti ndi mimba.

Manyazi anamugwira mpaka m'mafupa. Mwana wake woyamba, Imelda, anali atangomunong'oneza kumene kuti nayenso waima, ndipo mkamwini, Greyson, nyumba yake inali pabwalo pomwepo. Mayi ndi mwana wake kukaima pamzere umodzi wa sikelo! Akazi a pamjigo akanamupekera nyimbo yoti iimbidwe mpaka pamaliro ake. Luwiza anamanga chitenje mothina n'kutseka pakamwa.

Koma pakhomo sipasowa maso. Kwathu kuno mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana wina, ndipo woitanidwayo zaka zonsezi anali Imelda. Tsiku lina akusinja nsinjiro, mtsikanayo anafunsa mwaulemu chifukwa chake amayi ake sakumuitananso kudzathira mchere, chikhalirecho thupi likuoneka kusintha.

"Ndakula ine," anatero Luwiza. "Iwe samala mimba yakoyo."

A Zakeyu nawo anaona, koma anangoseka n'kunena kuti mtedza wa chaka chino wamukonda mkazi wawo. Luwiza anaseka nawo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chimene chinkamuzunguza mutu chinali khalidwe la mimbayo. Mimba zisanu ndi imodzi anazidziwa bwino: nseru ya m'mawa, kulakalaka dothi la pachulu, kenaka mwezi wachisanu mwana n'kuyamba kuponda. Iyi inali phee. Masana ena ankalowa m'nyumba, kugona chagada pamphasa, kumwa madzi ozizira a mumtsuko, n'kumagogoda pamimba ndi chala ngati munthu woyesa dzungu. Nthawi zina ankamva kubwata chapatali n'kuti ndi yemweyo. Anadziuza kuti mwana wa kuukalamba sapupuluma, ndiponso mwina watengera ulesi wa kuchimuna. M'kachitini anaikamo njere zitatu za chimanga za miyezi yapita ija, ndipo mwezi ukaoneka ankaponyamo ina imodzi kuti asasokoneze chiwerengero.

Ndipo tinene zoona, anayamba kumukonda mwanayo. Anang'amba chitenje chimene analandira pamsonkhano wa ndale, nasoka kamalaya ndi manja ake, n'kukabisa pansi pa dengu la nyemba.

Njere zinakwana zisanu ndi zinayi, kenaka khumi. Mimba inakwera mpaka pachifuwa, koma manja anaonda, mpweya unkamuperewera, ndipo akadya mbamu ziwiri ankakhuta. Anaganiza kuti wina wamumangira mimba, koma nzeru zake zomwe zinamutsutsa. Munthu angamange bwanji mimba imene sakuidziwa? Kwa sing'anga kunafunika kulankhula, kuchipatala nakonso kulankhula. Anasankha kudikira mwezi wina.

Njere ya khumi ndi chimodzi itagwa m'kachitini, masiku a Imelda anayandikira, ndipo poti inali mimba yoyamba anauzidwa kukadikirira kuchipatala cha paboma. Womuperekeza akanakhala ndani kupatula mayi ake? Luwiza anapita atavala jekete ya a Zakeyu, dzuwa la Disembala likuswa mtengo.

Kuchidikiroko kunali namwino wina wachikulire, mayi Theresa, wochokera ku Rumphi, amene maso ake anali ataona mimba zosawerengeka. Anamuona Luwiza akulephera kutukula ndowa yamadzi, atatsamira khoma, akupuma ngati wakwera phiri.

"Kodi wodikira ndani pano, inu kapena mwana wanu?" anafunsa chapansipansi, namutengera m'chipinda, n'kutseka chitseko.

M'menemo Luwiza anavula jekete, ndipo kwa nthawi yoyamba munthu wina anaiona mimba ija. Anaulula za miyezi, za mchere, za mkamwini. Namwino anasisita, anadina uku ndi uku, naika kachitsulo konga lipenga pamimbapo n'kumvetsera nthawi yaitali. Luwiza ankangoyang'ana nkhope yake.

"Wafa?" anafunsa.

"Sanafe, mayi. Simunakhalemo mwana. Ichi n'chotupa. Miyezi yonseyi munafunsa ndani?"

"Ndinkadzifunsa ndekha."

Tsiku lomwelo anamukweza ambulansi ya ku Lilongwe. Madokotala anachotsa chotupa chodzaza beseni, ndipo chiberekero chinapita nacho limodzi. Anamuuza kuti akanabwera chikadali ngati papaya uja ikanakhala ntchito yaing'ono, koma tsopano chinali chitapsinja impso imodzi mpaka kuiononga, ndipo za khasu ndi mitolo ya fodya aiwale. Izi Luwiza anazilandira. Chimene chinamuliza ndi uthenga umene a Zakeyu anabwera nawo, woti Imelda wachira mwana wamwamuna patatha masiku awiri chichokereni mayi ake, atagwiridwa dzanja ndi mayi wachilendo wa ku Kapondo amene anadzadikirira mwana wake. Mtsikanayo akuti ankaitana amayi ake mpaka mawu kusasa.

Atabwerera kumudzi, palibe amene anamupekera nyimbo. Akazi a pamjigo aja anabwera ndi ufa ndi nkhuni, ndipo mmodzi mwa iwo anati mchemwali wake anadwalapo chotupa chomwecho, akanangomva akanamuuza msanga. Wokwiya anali Imelda yekha. Ankamuphikira phala, kumuchapira, koma osamuyang'ana kumaso, pakuti iye chinsinsi chake anakatula kwa mayi ake mwezi woyamba womwe.

Tsiku lina masana Luwiza anapita pang'onopang'ono mpaka padengu la nyemba, natulutsa kamalaya kaja. Anakakung'untha, anapempha mdzukulu wake, namuveka. Kanamukwana bwino lomwe. Imelda anayang'ana masokedwe ake, nazindikira kuti kanasokedwa kalekale.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

Luwiza anafuna kunena kuti n'zopanda pake, monga mwa chizolowezi chake. Koma anamukhazika mwana wakeyo pamphasa, namufotokozera zonse kuyambira m'chigafa muja, mpaka dzina limene anasungira mwana amene kunalibe. Analira onse awiri, khanda lili mtulo pakati pawo.

Funso lomwelo analisenza yekha miyezi yonse ija, ndipo linatsala pang'ono kumuika m'manda. Akuluakulu sananame pamene anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.