Njati Adzazitsa Mabulangete

Kalekale, inu ana, ndi inunso akuluakulu amene mukusinza kumbuyoko, Kangaude ndiye ankalukira nyama zonse mabulangete. Ankaluka, ankaluka, koma kuyenda ayi. Woyenda anali Nalimata, kanthu kakang'ono kodziwa khoma lililonse m'mudzimo. Kakati phee pamwamba pa chitseko, kankamva zonse: uyu akutsokomola, uyu lake lang'ambika, uyu ndi woyembekezera. Kenaka kankakauza Kangaude zoti aluke, kuti asaperewere komanso asatsale. Wonyamula katunduyo kukatula m'makomo anali Njati.

Chaka china Mai Mbewa anabereka nyengo yozizira ili pakhomo. Tiana take tinali tofiira, topanda ubweya ndi kamodzi komwe.

"Achemwali, kodi timeneti tifika chilimwe?" Mai Mbewa anafunsa Nalimata, misozi ili lengelenge.

"Musade nkhawa. Bulangete lanu lalukidwa kale, lofewa, likubwera ndi a Njati."

Koma Njati atasenza mtolo, phazi di! di! di! anapitirira mudzi n'kukautula kuphanga kwake. Nalimata anamulondola.

"Bambo Njati, mwasochera kodi?"

"Kusochera ine? Chaka chino sindipereka. Ndidikira mphepo ilume, mano aziti gwedegwede. Pamenepo wofuna bulangete abwere ndi nkhokwe yathunthu!"

Nalimata anaganizira tiana tija, mtima unamuwawa kwambiri. Koma mungalimbane bwanji ndi mwini nyanga zotere? Anakwera pamtolo paja, nakhudza bulangete limodzi, n'kudumpha.

"Mayo ine, kuzizira! Bambo, amenewa mukufuna kugulitsa opanda kanthu chonchi?"

"Opanda chiyani?"

"Kutentha! Mumayesa Kangaude amalukira kutentha momwemo? Amaluka thumba chabe. Gwirani nokha."

Njati anagunditsa mphuno. Zii! Kuzizira ngati mtsuko wam'mawa.

"Nanga kutenthako amakugula kuti?"

"Sagula, amachita kudzaza. Wina akafunda, kutentha kwa m'thupi mwake kumatsalira m'menemo. Lodzaza bwino, nkhokwe imodzi yachepa."

Njati malovu chuu! Dyera, abale, limatseka makutu ndi maso omwe.

"Ndiye andidzazire ndani?"

"Anthu a m'mudzimu ndi opusa, adzaza ulere. Koma lililonse lipite kwa womukwana, lalikulu kwa wamkulu, laling'ono kwa wamng'ono, kuti kutentha kusatayikire m'mbali. Makomo ake ndikulozerani ine."

Basi Njati anasenzanso mtolo, Nalimata ali panyanga. Khomo ili, tula. Khomo ilo, tula. Paliponse Njati ankakalipa kuti, "Muzifunda tsiku ndi tsiku, osajomba!" Kwa Mai Mbewa anachita kugwada, chifukwa khomo linali lapansi. Tiana tija titafunditsidwa tinasiya kulira, tinangoti ziii.

"Timeneti n'timene timadzaza bwino," Nalimata ananong'oneza Njati.

Mphepo inaluma, mwera unawomba. Njati akati akatenge katundu wake, Nalimata ankagwira bulangete n'kupukusa mutu. "Langofika pakati, bambo. Pirirani."

Linadzaza liti? Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Njati anatolera mabulangete onse, nawayanika pathanthwe, n'kugunditsa mphuno. Psuu! Kutentha zedi! Anavina ndi chimwemwe, nayamba kuzungulira mudzi thukuta lili kamukamu.

"Mabulangete odzaza! Otentha! Bwerani ndi nkhokwe!"

Nyama zinali pamithunzi, malilime ali panja. Nguluwe anangotukula chikope. "Bambo, mulibeko ozizira?"

Apo m'pamene Njati anazindikira. Anafwenthera, nakumba pansi ndi chiboda, akufunafuna Nalimata kuti amupere. Koma pamapazi pake panamveka tswii, tswii. Tinali tiana ta Mbewa, tonenepa, ubweya uli bii. Kamodzi kanakwera pachiboda chija.

"Agogo, amayi amati ndinu munatibweretsera chofunda. Ati munachita kugwada."

Njati anayang'ana kumbali. Chiboda chija anachitsitsa pang'onopang'ono kuti kamwanako kasagwe.

"Chaka chamawa mudzakhala mutakula, limenelija lidzakucheperani," anatero ndi mawu okhuthala. "Nalimata! Tuluka, sindikupanga kanthu. Ukamuuze Kangaude aluke lokulirapo."

Nthano yanga yathera pomwepa, kaphuleni mbatata zisanapserere. Koma inu amene mumabisa katundu kudikira kuti anzanu alire, muzisuzumirako panja, mwina Okutobala wafika kale.