Madengu Olendewera pa Khonde

Kalekale, m'tauni ya Dedza munali atsikana atatu a bere limodzi: Ndaziona, Felesiya ndi Tamala. Ankakhala m'nyumba yalendi yomwe bwalo lake linali la simenti lokhalokha, popanda pobzala ngakhale tsabola. Onse atatu anali pa ulova.

Tsiku lina Ndaziona, wamkulu pa onse, anapeza maluwa ofota atatayidwa kudzala kuseri kwa hotela ina. Anali aja oyanga, okhala nyengo imodzi n'kufa. Anawatola, nawayanika pa lichero, napukusa timbewu tating'ono ngati fumbi. Anatifesa m'beseni lobooka, ndipo tinamera.

"Achemwali, mubzala pamutu panu kodi?" anaseka Felesiya.

Koma m'mawa mwake ndi yemweyo amene anakadula nsungwi. Analuka madengu asanu ndi limodzi, nayala ziguduli m'kati kuti dothi lisatayike koma madzi azidontha. Anasakaniza dothi lakudambo ndi manyowa a mbuzi owolerana, nawokera mbande zija, napachika madenguwo ndi waya pa khonde, pomwe nkhuku za aneba sizikanafika.

Kenako dzuwa la Okutobala linafika, mipopi n'kuuma. Dengu lolendewera silisunga chinyontho ngati nthaka, choncho Tamala, chitsirizira, ankapita kumjigo m'mawa ndi madzulo. Ndipo maluwa oyamba atangotuluka, iye anawatsina onse pamodzi ndi nsonga zake.

"Iwe, wapenga?" anakuwa Ndaziona. "Miyezi iwiri tikudikira!"

"Fatsani, achemwali. Mmera mukausiya uthamanga ndi nthambi imodzi. Mukautsina ubala khumi."

Masiku atatu akulu ake sanamulankhule.

Koma taonani! Nthambi zinaphuka mbali zonse, zinasefukira m'madengu n'kutsika mpaka kugunda mapewa a munthu wolowa pakhomo. Ofiira, oyera, ofiirira, madengu osaonekanso. Okwera minibasi ankatembenuza makosi. Akwati ankapempha kudzajambulitsa pa khondepo.

Mbiri inafika kwa mayi mwini hotela ija, ndipo anabwera yekha. Atamva komwe mbewu inachokera, anagwira pakamwa.

"Zinyalala zanga zomwe zija? Atsikana inu, ndikufuna manja amene achita izi azisamalira maluwa kwanga. Koma malo a ntchito ndi amodzi okha."

"Popanda maso anga, bwenzi zitapsa kudzala," anatero Ndaziona.

"Popanda madengu anga, bwenzi zitafera m'beseni," anatero Felesiya.

Tamala anangotambasula zikhatho zake zochita zikang'a.

Nkhanitu yavuta pamenepa. Ndaziona anaona chuma pomwe ena ankaona zinyalala, koma anagwira ntchito masiku ochepa. Felesiya anapanga munda m'malere, ngakhale anayamba ndi kunyoza. Tamala anakhetsa thukuta nalimba mtima, komabe ankasamalira zomwe anazipeza zili kale.

Mayi uja akudikirabe pa khonde, makiyi a galimoto ali m'manja. Inu abale anga, mwa atatuwa akwere naye ndani?